Tsoka la Munthu Wokhululukidwa Msanga

Ana anga, khalani pansi. Pali filimu ina imene ndikufuna tikambirane, ndipo si yoonera pamodzi ndi azing'ono anu, chifukwa muli zolaula zambiri. Dzina lake ndi The Libertine. Inayamba kuonetsedwa mu 2004. Anaitsogolera ndi Laurence Dunmore, ndipo nkhani yake analemba ndi Stephen Jeffreys, kuchokera m'sewero lake lomwe la mu 1994. Johnny Depp, yemwe uja mumam'dziwa ngati wachifwamba wapanyanja woyenda dzandidzandi, ndiye akusewera ngati John Wilmot, Earl wachiwiri wa Rochester. Earl ndi udindo wobadwa nawo m'mabanja olemekezeka a ku England, udindo umene m'nthawi imeneyo unali ndi minda, antchito ndi mpando m'nyumba ya malamulo. Wilmot si munthu wopeka ayi. Anabadwa pa 1 April 1647, namwalira pa 26 July 1680. Werengani nokha. Zaka 33.

Filimu imayamba munthuyu ali mumdima, akukuyang'anani m'maso inu owonera, akukuchenjezani kuti simumukonda. Apa m'pamene pali msampha, chifukwa mumukonda ndithu. Ine ndikukudziwani. Mudzaseka akamanyoza mfumu. Mudzasirira akamayankha akuluakulu mopanda mantha. Ena mwa inu mudzaloweza mawu ake n'kukawanena kwa anzanu. Sindikukudzudzulani, pakuti anthu a nthawi yake nawonso anamukonda chomwecho, ndipo chikondi chimenecho n'chimene chinamupha. Mowa unathandiza. Chindoko chinamaliza. Koma chimene chinalambula njira ndi ichi: aliyense ankamukhululukira msanga.

Tiyambe ndi bambo ake. Henry Wilmot anali msilikali wa mbali ya mfumu pa nkhondo yapachiweniweni ya ku England. Charles II atagonja ku Worcester mu 1651, adani akumusaka paliponse, Henry anali mmodzi mwa amene anamuthandiza kuthawira ku France. Mfumu sinaiwale. Henry anafera kudziko la eni mu 1658, John ali ndi zaka 10, ndipo ufumu utabwezeretsedwa mu 1660, Charles anatenga mwanayo ngati wake. Anamuikira mapaundi 500 chaka chilichonse. Mnyamatayo analowa koleji ya Wadham ku Oxford ali ndi zaka 12, nalandira digiri ali ndi zaka 14, osati chifukwa cha thukuta lake koma chifukwa cha dzina la bambo ake. Kenako anamutumiza kukayenda ku France ndi ku Italy ndi mphunzitsi wake Andrew Balfour. Anafika kunyumba ya mfumu ku London kumapeto a 1664, ali ndi zaka 17, wamtali, wooneka bwino, wodziwa Chilatini ndi Chifalansa, lilime lakuthwa.

Ndipo anafika dziko litangomasuka kumene. Nyumba za zisudzo zinali zotseka kuyambira 1642, pamene anthu okhwimitsa chipembedzo anali ndi mphamvu. Mfumu yatsopano inazitsegula. Akazi anayamba kuloledwa kusewera nawo pagulu. Mfumu yeniyeniyo inali ndi zibwenzi zosawerengeka ndi ana ambiri akunjira. Pabwalo lotero, ndani akanatsina khutu mnyamata wa zaka 17?

Tsopano mverani mmene zinkayendera.

Pa 26 May 1665, ali ndi zaka 18, Rochester anatuma anthu okhala ndi zida kukaimitsa ngolo pa Charing Cross usiku, n'kulanda mtsikana wolemera, Elizabeth Malet, pamaso pa agogo ake. Samuel Pepys, mkulu wa mu ofesi ya asilikali apamadzi amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, analemba kuti chuma cha mtsikanayo chinali cha mapaundi 2,500 pachaka. Kumeneku ndi kuba munthu. Mwana wa mlimi akanachita zimenezi, sakanaonanso dzuwa msanga. Rochester anamutsekera m'ndende ya Tower of London, napepesa, natuluka patangotha milungu itatu. Anapita kunkhondo yapanyanja yolimbana ndi Adatchi, ndipo tinene zoona, anamenya molimba mtima ku Bergen chaka chomwecho. Mu 1666 mfumu inamupatsa udindo wotumikira kuchipinda kwake, wa mapaundi 1,000 pachaka. Mu January 1667 mtsikana yemwe uja anamulanda anavomera kukwatiwa naye.

Mu 1669, ataledzera, anamenya khofi munthu wina dzina lake Thomas Killigrew pamaso pa mfumu. Kumenya munthu mfumu ili pomwepo unali mlandu waukulu. M'mawa mwake Pepys anaona mfumu ikuyenda naye momasuka ngati palibe chachitika, ndipo analemba kuti zimenezi zinali zochititsa manyazi mfumuyo. Kumapeto a 1673 mfumu inamupempha ndakatulo ina, iye anapisa m'thumba n'kupereka pepala lolakwika, ndakatulo yotukwana mfumuyo, yonena kuti imalamulidwa ndi chilakolako chake. Anathawa. Mu 1674 mfumu yomweyo inamupatsa udindo woyang'anira nkhalango yachifumu ya Woodstock, ndi nyumba yokhalamo. Mu 1675, usiku, ataledzeranso, anaphwanya chipangizo chagalasi cha mtengo wapatali choonera nthawi ndi dzuwa, chimene mfumu inkachinyadira m'munda wake wa ku Whitehall. Anathawanso. Anabweranso.

Kulakwa, kuthawa, kuseketsa, kubwerera. Kulakwa, kuthawa, kuseketsa, kubwerera. M'filimu, John Malkovich akusewera mfumuyi ngati bambo wotopa amene akudikirabe kuti mwana wake wanzeru tsiku lina adzalemba chinthu chachikulu cholemekeza ufumu wake. Amam'pirikitsa, mkwiyo usanathe n'komwe amamuitananso, chifukwa nyumba imazizira iye kulibe.

Ine njira imeneyi ndimaidziwa ndi mapazi anga. Ndinali mwana wanzeru wa pamudzi pathu, uja aphunzitsi ankamuimiritsa kuti awerengere alendo. Nditapeza ntchito mu ofesi ina m'tauni, panalibe wolemba kalata kapena lipoti kundiposa. Ndinkadziwa zimenezo, ndipo abwana ankadziwanso. Lolemba sindinkaoneka. Lachiwiri ndinkafika maso ali psuu, nkhani yoseketsa ili kale pamlomo. Abwana ankayamba ndi ukali, ndikangotsegula pakamwa ankagwira mimba n'kuseka, amvekere, “Iwe ndiwe wovuta, pita ukagwire ntchito.” Basi, mlandu watha. Tsiku lina ndinadyako ndalama za ofesi zogulira zinthu zing'onozing'ono. Iwo anabweza kuchokera m'thumba mwawo kuti nkhani isamveke. Ndinkati amandikonda, ndipo ankandikondadi. Koma chimene ndinaphunzira kwa iwo n'chakuti mlandu uliwonse uli ndi nthabwala yake youfafaniza.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankandiuza zoona. Anali mesenjala wachikulire, wosaphunzira, woyenda panjinga yakapalasa. Anandikokera pambali nati, “Mwana wanga, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.” Ndinamuseka. Madzulo ake ndinakamutsanzira kumowa, mayendedwe ndi mawu omwe, anthu anagwa n'kuseka. Tsabola wakale sawawa, ndinatero ine.

Abwana aja anawasamutsa. Amene anabwera sankaseka. Anatsegula failo, nawerenga masiku, nandipatsa kalata. Ntchito inatha, nyumba ya kuntchito inatha, penshoni imene ndikanadya lero inathera pomwepo. Ndinawada munthu ameneyo kwa nthawi yaitali. Lero ndikukuuzani kuti ndikupuma chifukwa cha iyeyo. Ine wondikhululukira wanga anachoka ndikadali ndi chiwindi. Wa Rochester sanachoke. Anali mfumu, ndipo mfumu siisamutsidwa.

Choncho mverani. Ngati muli ndi mphatso, kaya ndi mutu wa masamu, kaya ndi mawu oimba, kaya ndi mwendo wa mpira, kaya ndi nkhope, anthu adzakulekererani zimene sangalekerere ena. Musatenge zimenezo ngati ulemu. Opani. Aphunzitsi akakusiyani osakulangani chifukwa ndinu amene mumakweza dzina la sukulu, opani. Makolo akanyalanyaza fungo la mowa chifukwa mwabwera ndi ndalama, opani. Funani munthu amene nthabwala zanu sizimugwira, ndipo mukam'peza musam'taye. Wakutsina khutu ndiye mnansi.

Tibwerere ku London, chifukwa pali za abwenzi.

Rochester anali ndi gulu lake la anyamata olemera ndi anzeru, anthu ngati George Etherege, Charles Sackville, Charles Sedley ndi Duke wa Buckingham. Onse alakatuli kapena olemba masewero, onse akumwa. Mbusa wina, Gilbert Burnet, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa Salisbury, anacheza naye kwa miyezi ingapo kumapeto a moyo wake, nalemba buku lonena za iye mu 1680. M'bukumo muli mfundo imene inandilasa. Burnet akusimba kuti mnyamatayu atabwerako ku ulendo wake uja anali atausiya mowa wambiri. Koma anthu anazindikira kuti akamwa amasangalatsa koposa, ndiye anayamba kumumwetsa dala kuti aziwaseketsa. Mwamva? Sanamumwetse chifukwa chomuda. Anamumwetsa chifukwa ankafuna kuseka. Mapeto ake Rochester mwini anauza Burnet kuti panapita zaka zisanu zotsatizana ali chiledzerere, mutu wosazizira mokwanira kuti adzilamulire.

Zaka zisanu. Ndipo munthu ameneyu anali mlakatuli weniweni. Ndakatulo yake yotchedwa A Satyr against Reason and Mankind amaiphunzirabe m'mayunivesite mpaka lero. Koma zonse zimene anasiya zimakwana m'kabuku kamodzi. Mnzake Etherege ndiye anachenjera. Anayang'ana moyo wa Rochester, naulemba m'sewero lotchedwa The Man of Mode mu 1676, momwe munthu wotchedwa Dorimant aliyense ankadziwa kuti ndi Rochester. Sewero linatchuka. Wina akuola, wina akuwomberedwa m'manja chifukwa chofotokoza bwino kuolako. Filimu yaonetsa zimenezi mosabisa, ndipo ndi chimodzi mwa zimene ndimaiyamikira.

Amene amakugulirani mowa kuti muziwaseketsa sakukupatsani kanthu. Akugula. Inu ndiye katundu. Ine botolo silinkandisowa, chifukwa pamene ndakhala pankadzaza anthu. Ntchito itatha ndinapita pamalo pomwepo, kwa anthu omwewo. Nthabwala zinali zomwe zija, koma tsopano zinkatuluka m'kamwa mwa munthu wopempha. Palibe anaseka.

Ndiye pali nkhani ya Downs. Apa ndikufuna muchete khutu.

Mu June 1676 Rochester, Etherege ndi anzawo anali ku Epsom, akumwa. Anavutitsa oimba zeze amene anakana kuwaimbira, kenako anathyola nyumba ya wapolisi wa m'mudzimo pofunafuna mkazi, nam'menya wapolisiyo. Iye anapulumuka n'kukaitana alonda. Makalata a anthu a nthawiyo amasimba kuti Etherege analankhula mofatsa, napepesa, ndipo alonda anayamba kubwerera. Nkhani inali itatha. Pamenepo Rochester anasolola lupanga kulunjika wapolisi uja. Mnzawo wina dzina lake Downs anamugwira kuti amuletse. Alonda atamva kukuwa anathamangira pomwepo, namenya Downs m'mutu. Rochester anathawa. Anzake anathawa. Downs anatsala yekha, wopanda lupanga, ndipo anam'baya ndi mkondo. Anamwalira ndi mabalawo.

Munthu amene anaima nji pa sitima yankhondo mizinga ikulira, patapita zaka 11 anathawa alonda a m'mudzi, n'kusiya mnzake amene ankamupulumutsa ku mlandu wakupha. Mowa umadya zinthu mwa munthu mwakachetechete, ndipo chimene umayamba kudya si chiwindi. M'filimu Downs ndi mnyamata wamng'ono, Billy, amene akusewera ndi Rupert Friend, wongofika kumene m'tauni, woyang'ana Rochester ngati mulungu. Rochester amamuuza poyera tsiku loyamba kuti gulu limeneli lidzamupha. Mnyamatayo amaona ngati nthabwala.

Nanenso ndinali naye Downs wanga. Anali mnyamata wa kuntchito kwathu, wongochoka kumene kusukulu, wosamwa. Ndine ndinam'phunzitsa. Ankanditcha achimwene, ankandinyamulira jekete. Usiku wina m'bala ndinayamba kunyoza munthu wina chifukwa cha kalankhulidwe ka kwawo, pamaso pa mkazi wake. Anthu ankaseka, ndiye sindinaleke. Munthuyo ataimirira ndi abale ake, mnyamata uja analowa pakati kuti aleretse. Botolo linamupeza kumaso. Ine ndinatulukira khomo lakumbuyo, ndinalumpha mpanda, ndinakagona. Diso lake linathera pomwepo.

Sanandisumire. Sanandinene kwa aliyense. Mpaka lero tikakumana ndiye amayamba kundipatsa moni, “Achimwene, mwadzuka bwanji?” n'kutembenuza mutu pang'ono kuti andione ndi diso lotsalalo. Bola akananditukwana. Ana ake anakula ndi bambo wa diso limodzi chifukwa ine ndinkafuna anthu aseke. Palibe ndalama imene ndingabweze. Palibe pemphero limene lingamubwezere diso. Madzi akatayika saoleka.

Inu amene muli ndi ang'onoang'ono okutsatirani, dziwani kuti mukawatengera kumowa mwasenza moyo wawo. Ndipo inu amene mukutsatira wina chifukwa ndi wolimba mtima pakamwa, dzifunseni: zikavuta, adzaima kapena adzalumpha mpanda? Musadikire kuti muone yankho ndi diso limodzi.

Kodi Rochester anatani Downs atafa? Anabisala pafupi ndi Tower of London, navala mkanjo ndi ndevu zabodza, nadzitcha Dokotala Alexander Bendo, n'kumagulitsa mankhwala achinyengo kwa anthu osauka ndi kwa akazi osowa ana. Ngakhale pobisala anapanga sewero. Posakhalitsa anabwerera kunyumba ya mfumu. Anakhululukidwanso.

Tsopano atsikana, ana anga aakazi, senderani pafupi. M'nkhaniyi muli akazi awiri, onse dzina lawo Elizabeth.

Woyamba ndi mkazi wake, Elizabeth Malet, amene m'filimu ndi Rosamund Pike. Ankakhala kumudzi ku Adderbury, m'chigawo cha Oxfordshire, akulera ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, mwamuna ali ku London. Makalata amene Rochester ankamulembera alipo mpaka lero. Ndi okoma. Muli nthabwala, muli kupepesa, muli malonjezo oti abwera posachedwa. Munthu wina wa nthawiyo, John Aubrey, analemba kuti Rochester ankanena yekha kuti akangofika pa Brentford, polowera mu London, satana ankamulowa, osamuchoka mpaka atabwerera kumudzi. Ankadziwa malo enieni pamene amasinthira. Ankapitabe. Mkaziyu anali ndi chuma chakechake, anali wophunzira, ankalemba ndakatulo nayenso. Anasankha munthu amene anamuba ndi zida, mwina poganiza kuti wochita zotero ndiye wokonda zenizeni. Moyo wake wonse unakhala wodikira.

Wachiwiri ndi Elizabeth Barry, mtsikana wa zisudzo, amene m'filimu ndi Samantha Morton. Nkhani yakale imati poyamba sankatha kusewera, ndipo Rochester anabetcha ndi anzake kuti amusandutsa katswiri. Anakhala chibwenzi chake, nabereka naye mwana wamkazi mu 1677. Koma Barry sanapereke moyo wake m'manja mwa munthuyu. Anatenga luso, nagwira ntchito yake. Anakhala mkazi wotchuka koposa pa masewero achisoni m'nthawi yake, nadya thukuta lake, nakhala ndi moyo mpaka 1713, zaka 33 Rochester ali m'manda. M'filimu, pamene Rochester wabwera kwa iye atatheratu, Barry samunyoza, koma samulandiranso.

Sindikuti tsanzirani zonse za Barry. Ndikuti onani amene anatsala ataima. Mwamuna wokoma pakamwa, wopepesa bwino, wolira misozi yeniyeni, ndiye woopsa kuposa wamwano, chifukwa wamwano mumamuthawa msanga. Mudzati ndimusintha. Simumusintha. Mudzati akaona mwana asiya. Sasiya. Mkazi wanga anganene bwino kuposa ine. Ndinamusiya kumudzi ndi ana, ine ndili m'tauni. Mwezi ukatha ndinkatumiza kalata m'malo mwa ndalama, ndipo kalata zanga zinali zokoma, paja kulemba ndinkatha. Ankaziwerenga, nakhululuka. Feteleza ankagula ndi alongo ake. Fizi ya ana ankalipira pogulitsa mandasi. Ndikabwera pa Khirisimasi ndi nsalu imodzi, ankaphika nkhuku.

Ndipo si nsalu yokha imene ndinabwera nayo.

Za chindoko ndilankhula mosapsatira, chifukwa manyazi apha anthu ambiri. Matenda amenewa amayamba ndi kachilonda kumaliseche kapena m'kamwa, kosapweteka. Pakapita milungu ingapo kamapola kokha. Munthu amati ndachira. Kenako pamabwera zidzolo, nthawi zina m'manja ndi kumapazi, nazonso zimatha zokha. Munthu amatinso ndachira. Chindoko chili ngati mfumu Charles, chimaoneka ngati chakwiya pang'ono n'kuiwala. Kusiyana kwake n'kwakuti icho sichiiwala. Chimakhala phee m'magazi kwa zaka, kenako chimagwira mitsempha, ubongo, maso, mtima ndi mafupa. Mayi woyembekezera amapatsira mwana ali m'mimba.

Kachilonda kanga kanapola, ndipo sindinauze munthu. Mkazi wanga anali ndi pakati. Mwana anabadwa wakufa. Kuchipatala atayeza magazi anatiitana tonse awiri, ndipo namwino anafotokoza mkazi wanga ali pomwepo. Sanalire. Sanakalipe. Anangondiyang'ana. Tinabayidwa jakisoni, matenda anatha. Ukwati unathanso. Anatenga ana kupita kwawo, ndipo ankhoswe atakhala pansi panalibe nthabwala imene ndikananena. Ana anga anakula. Amandilemekeza, amandigwadira popereka moni, amanditumizira kangachepe. Koma akakhala ndi nkhani yeniyeni, ya ukwati kapena ya matenda, amapita kwa amalume awo. Ine ndimamva zitatha.

M'nthawi ya Rochester jakisoni ameneyo kunalibe. Penicillin anayamba kuchiza chindoko m'zaka za m'ma 1940. Kalelo ankapaka odwala mankhwala a mercury, n'kuwakhazika m'zimbiya zotentha kuti atuluke thukuta, mpaka malovu kumangochucha, mano kugwedera. Mankhwalawo anali poizoni payekha. Olemba mbiri ambiri amati chimene chinamupha ndi chindoko pamodzi ndi matenda ena opatsirana pogonana, kuphatikizapo mowa. Asanafike zaka 31 anali akudandaula kale m'makalata kuti maso akuchita khungu ndipo miyendo ikukana. Filimu siikubisirani. Nkhope yokongola ija imatuluka zilonda, mphuno imadyeka mpaka amaiphimba ndi kachitsulo kasiliva, amayenda ndi ndodo, amadzikodzera atakhala pampando mkazi wake akuona. Mukafika pamenepo musathamangitse filimu. Muonere bwinobwino. Ndi munthu yemwe uja munkasirira poyamba.

Inu muli ndi mwayi umene mwana wa Earl analibe ndi mapaundi ake onse. Mukaona kachilonda, pitani kuchipatala, ngakhale katapola. Kayezetseni magazi. Muuzeni mnzanuyo, ngakhale pakamwa palemere bwanji. Woyembekezera ayambe sikelo msanga. Kondomu si chinthu chochititsa manyazi. Chochititsa manyazi ine ndinachiona, ndi kabokosi kakang'ono konyamula munthu mmodzi m'manja.

Pali malo amodzi pamene filimuyi yakometsera, ndipo ndikufuna muwadziwe. Chakumapeto imaonetsa Rochester, wodwala, akudzikoka kulowa m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, n'kulankhula mawu amphamvu amene akupulumutsa mfumu pa mkangano wofuna kuletsa James, mng'ono wake wa mfumuyo, kudzalowa ufumu chifukwa anali Mkatolika. Ndi gawo lokoma kuonera. Koma nyumba imeneyo inakana lamulo loletsa James mu November 1680, Rochester atagona m'manda miyezi yoposa itatu. Opanga filimu anafuna kumupatsa tsiku limodzi lalikulu lolipirira zonse. Nawonso anamukhululukira. Patapita zaka zoposa 300, munthuyu akupezabe omuchotsera mlandu.

Musadalire tsiku lotero. Ine ndinalidikira. Ndinkati tsiku lina ndidzachita chinthu chachikulu, onse adzaiwala. Silinabwere. Chimene chinabwera ndi masiku ang'onoang'ono ambirimbiri, odzuka m'mawa, kudutsa pa bala osalowa, kugwira maganyu olembera anthu makalata, kubweza ngongole imodziimodzi. Palibe amene angapange filimu ya zimenezo. Koma n'zimene zilipo, ndipo inu mukhoza kuziyamba lero, mano ali onse m'kamwa, musanapweteke munthu.

Zoona zake za mapeto a Rochester ndi izi. M'chaka cha 1680 anakwera hatchi kupita ku minda ya mkazi wake ku Somerset, thupi linakana, ndipo anam'bweza pangolo ku nyumba ija ya ku Woodstock. Anagona pamenepo milungu yambiri akumva ululu. Mayi ake, Anne St John, munthu wopemphera kwambiri amene anapirira zonsezi, anali pambali pake. Mbusa wa mayiwo, Robert Parsons, anamuwerengera chaputala 53 cha Yesaya, ndipo akuti pamenepo mtima wake unatembenuka. Analapa, nalamula kuti zolemba zake zolaula zitenthedwe, naitana ana ake n'kuwadalitsa. Anthu akhala akukangana ngati kulapako kunali koona kapena kunali kwa munthu amene mutu wasokonezeka ndi matenda. Ine sindiweruza. Ndikhulupirira kuti Mulungu amalandira ngakhale wobwera mochedwa. Koma kulapako sikunadzutse Downs, ndipo sikunabwezere mkazi wake zaka 13 zodikira.

Rochester anamuika ku tchalitchi cha Spelsbury. Mkazi wake anamwalira chaka chotsatira, mu 1681, ali ndi zaka za m'ma 30 zoyambirira. Mwana wake wamwamuna yekhayo, Charles, amene anali wodwaladwala, anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 10, ndipo udindo wa banja la Wilmot unathera pa iye. Mu 1682 mfumu Charles II inatenga dzina la Earl wa Rochester n'kulipereka kwa munthu wina, nduna yake yoona za chuma, Laurence Hyde.